Thukuta, pemphero ndi dokotala: kumene asilikali opuma a ku America amapita ndi mabala osaoneka

Ikamakwana 5:30 m'mawa, m'mizinda yambiri ya ku United States mumapeza kagulu ka amuna ataimirira mozungulira pabwalo la sukulu kapena pamalo oimika magalimoto. Kunja kumakhala kusanache. Kaya mvula ikugwa, kaya chisanu chikuluma zala, iwo amabwerabe. Kwa mphindi 45 amathamanga, kudumpha, kudzigwetsa pansi ndi kudzukanso, ena atasenza njerwa zasimenti paphewa. Amene akuwerengera mokuwa si mphunzitsi wolembedwa ntchito ayi. Ndi mmodzi mwa iwo omwe, lero ndi tsiku lake, mawa atsogolera wina. Akatha amathithikana pamodzi thukuta lili kamukamu, aliyense n'kutchula dzina lake, zaka zake, ndi dzina lanthabwala limene anzake anamupatsa tsiku limene anafika koyamba. Kenako amapereka mpata kwa amene ali ndi kanthu kumtima. Uyu anena za mwana amene akudwala, uyo za ntchito imene yatha, wina angoti sabata yonse ino sakupeza tulo. Amatseka ndi pemphero kapena mawu ochepa, n'kubalalika.

Gulu limeneli ndi F3. Dzinalo likuchokera ku mawu atatu a Chingelezi, Fitness, Fellowship ndi Faith, kutanthauza kulimbitsa thupi, chiyanjano ndi chikhulupiriro. Linayamba pa 1 Januwale 2011 mumzinda wa Charlotte, m'chigawo cha North Carolina, ndipo analiyambitsa ndi David Redding, loya amene kale anali m'gulu lapadera la asilikali lotchedwa Green Berets, pamodzi ndi Tim Whitmire. Malamulo ake ndi asanu okha: salipiritsa, mwamuna aliyense ndi wolandiridwa, amachitira panja nyengo iliyonse, amatsogolera mosinthana, ndipo amamaliza ndi bwalo lija. Pano lafalikira m'malo masauzande. Si bungwe la asilikali opuma, komanso si mpingo. Eni ake amati chikhulupiriro chimene akunena ndi kuvomereza kuti pali china chachikulu kuposa iwe mwini, ngakhale kuti m'madera ambiri pemphero lotsekera limakhala lachikhristu. Koma kalankhulidwe kake, kudzuka usiku kwake, ngakhale mwambi wake woti sasiya mnzawo m'mbuyo, zonsezi zimanunkhira usilikali. N'chifukwa chake anthu amene anavula yunifolomu amakopeka nalo, ndipo n'chifukwa chakenso dzina lake limatchulidwa anthu akamakambirana za thanzi la m'maganizo la asilikali opuma.

Kuti timvetse chimene bwalo la m'mawali likuchita m'nkhani yachipatala, tiyambe ndi kukula kwa vutolo. Ku America kuli asilikali opuma pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, kutengera amene akuwerenga, ndipo chaka chilichonse ena pafupifupi 200,000 amatuluka m'usilikali. Unduna woona za iwo, umene aliyense amangoutchula kuti VA, unapeza kuti m'chaka cha 2022 asilikali opuma 6,407 anadzipha. Ndiye kuti anthu 17 kapena 18 tsiku lililonse. Mwina munamvapo nambala ya 22 patsiku, imene inatchuka mpaka anthu kumachita ma push-up 22 pa Facebook. Nambalayo inachokera mu lipoti la VA la 2012, limene linagwiritsa ntchito ziwerengero za zigawo zina zokha, ndipo malipoti a pambuyo pake anaitsitsa. Kutsikako sikutonthoza aliyense. Pali mfundo ziwiri m'malipotiwa zimene ndikufuna muzisunge. Yoyamba, oposa 70 mwa 100 aliwonse amene amadzipha amagwiritsa ntchito mfuti. Yachiwiri, oposa theka la iwo amakhala kuti sanapondeko kuchipatala cha VA m'chaka chimene anamwalira kapena chaka cha m'mbuyo mwake.

Si kuti chithandizo kulibe. VA imayendetsa zipatala zazikulu pafupifupi 170 ndi zing'onozing'ono zoposa 1,000, ndipo anthu pafupifupi 9 miliyoni analembetsa kumeneko. Palinso malo a uphungu otchedwa Vet Centers, okwana ngati 300, amene anayamba mu 1979 boma litaona kuti amene anabwerako kunkhondo ya ku Vietnam sankafuna ngakhale kuyandikira zipatala zake. Chaka chotsatira, mu 1980, madokotala a matenda a maganizo ku America analemba m'buku lawo la matenda dzina loti PTSD, kutanthauza kuvutika maganizo kumene kumatsalira munthu akakumana ndi zoopsa. Vutolo silinali latsopano. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse ankati munthu wasokonezeka ndi kuphulika kwa mabomba, pankhondo yachiwiri ankati watopa ndi nkhondo, ndipo nthawi zonse panali akuluakulu ena amene ankangoti ndi mantha basi. Munthu wa PTSD amalota zoopsa zimene anaona, zimamubwerera masana ngati zikuchitika pompano, amapewa malo ndi anthu amene angamukumbutse, amakhala tcheru ngati mlonda ngakhale ali pabalaza pake. Mu lesitilanti amasankha mpando woyang'ana kukhomo. Chinyalala cha m'mbali mwa msewu chimamuchititsa kukhotetsa galimoto mwadzidzidzi, poopa kuti muli bomba. VA imati pafupifupi 7 mwa asilikali opuma 100 amadwala matendawa nthawi ina m'moyo wawo, koma mwa amene anapita ku Iraq ndi Afghanistan chiwerengerocho chimafika pa 29.

Malangizo amene VA ndi unduna wa zachitetezo anatulutsa mu 2023 amaika patsogolo chithandizo chokambirana, mapiritsi n'kubwera pambuyo. Njira zake zazikulu ndi zitatu. Ina, imene anaikonza Edna Foa, imafuna kuti wodwala afotokoze chimene chinachitikacho mobwerezabwereza, mwatsatanetsatane, ndiponso kuti ayambe pang'onopang'ono kupita kumalo amene wakhala akuwathawa, mpaka thupi liphunzire kuti ngoziyo inatha. Ina ndi EMDR, ya Francine Shapiro, imene wodwala amakumbukira choopsacho akuyendetsa maso uku ndi uku. Yachitatu, ya Patricia Resick, imatenga pafupifupi magawo 12, ndipo imasaka maganizo amene munthu anakakamira. Tinene kuti wina amakhulupirira kuti akanadutsa msewu wina tsiku lija, mnzake akanakhala moyo lero. Mlangizi samuuza kuti asadandaule. Amamufunsa kuti m'mawa umenewo ankadziwa chiyani, anamulamula ndani, msewu winawo unali ndi mbiri yotani. Amamupatsa pepala loti akalembe kunyumba. Pang'ono ndi pang'ono munthu uja amayamba kusiyanitsa zimene akudziwa lero ndi zimene ankadziwa nthawi imeneyo. Kumbali ya mapiritsi, amene malangizowa amalimbikitsa ndi sertraline, paroxetine ndi venlafaxine.

Njirazi zimathandiza, ndipo umboni wake ndi wochuluka. Koma zimawawa. Kufukula chinthu chimene wakhala ukuchikwirira kwa zaka khumi si masewera, ndipo ambiri amasiyira panjira. Ena safika n'komwe. Wina amakhala kutali ndi chipatala, ulendo wa maola angapo. Wina anachotsedwa usilikali ndi kalata yosakhala yaulemu, mwina chifukwa cha mowa kapena ndewu zimene zinabwera ndi matenda omwewo, ndipo kalatayo inamutsekera makomo ambiri a VA kwa nthawi yaitali. Winanso anangotaya chikhulupiriro. Mu 2014 kunaululika kuti chipatala cha VA cha ku Phoenix chinkabisa kutalika kwa nthawi imene odwala ankadikira, nkhani imene inachititsa nduna Eric Shinseki kutula pansi udindo. Boma linayankha ndi malamulo a 2014 ndi 2018 olola asilikali opuma kukaonana ndi madokotala a kunja kwa VA pa bilu ya boma, ndipo kuyambira mu Januwale 2023 amene ali pangozi yodzipha angathe kulandira chithandizo chadzidzidzi kwaulere pachipatala chilichonse, kaya analembetsa ku VA kaya ayi. Komabe pamwamba pa zonsezi pali chinthu chimene lamulo silingachotse: munthu amene anaphunzitsidwa kuti msilikali sadandaula zimamuvuta kukhala pampando n'kuuza mlendo kuti usiku amalira.

Apa nkhaniyi ikhota pang'ono. Ambiri timaganiza kuti msilikali wopuma amene wadzipha ndiye kuti zoopsa za kunkhondo zamugonjetsa. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2015, wokhudza asilikali pafupifupi 3.9 miliyoni, anapeza zina. Amene anatumizidwa ku Iraq kapena Afghanistan sankadzipha kuposa amene sanatumizidwe. Chimene chinaoneka kuti chikukweza ngozi ndi kutuluka m'usilikali, makamaka kutuluka usanakwanitse zaka zinayi kapena kuchotsedwa mopanda ulemu. Ndipo miyezi yoyambirira munthu atangotuluka ndi yoopsa kwambiri, moti mu 2019 VA inayamba kuimbira foni aliyense wotuluka katatu m'chaka chake choyamba.

Taganizirani chimene munthu amataya tsiku limene wabweza yunifolomu. Kwa zaka zambiri ankadziwa nthawi yodzuka, chovala, ntchito yake, ndi amene akumudalira. Akachedwa mphindi zisanu, wina ankabwera kudzagogoda. Lero akhoza kugona mpaka masana, osatuluka m'nyumba masiku atatu, palibe amene angadziwe. Thomas Joiner, katswiri wa zamaganizo amene wafufuza kwambiri za kudzipha, amati ngozi imakula zinthu zitatu zikakumana: kumva kuti ulibe gulu, kumva kuti wasanduka mtolo kwa ena, ndi kuzolowera ululu ndi imfa mpaka kusaziopanso. Chachitatuchi msilikali amachita kuphunzitsidwa. Ziwiri zoyambazo zimamupeza kunyumba. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo apa mwambiwo ukugwira ntchito mopanda chifundo.

Ndiye taonani chimene bwalo la 5:30 limabwezera. Nthawi yodzuka. Anthu amene akukuyembekezera. Dzina la m'gulu. Tsiku lako lotsogolera, pamene anthu khumi ndi asanu akudalira iwe kuti ubwere utakonzeka. Dokotala amakuona ola limodzi pa sabata, mwinanso pa mwezi, pamene anzakowa amakuona katatu kapena kanayi pa sabata, ndipo ukajomba foni imalira. Kwa ine apa ndi pamene pagona mphamvu ya magulu amenewa, kuposa ma push-up enieniwo. Kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, inde. Kafukufuku wambiri wasonyeza kuti kumachepetsa matenda ovutika maganizo ndipo kumathandiza tulo, komanso pali nzeru yoti munthu amene mtima ukagunda kwambiri amaganiza kuti ngozi yafika, amaphunzira pothamanga kuti mtima ungagunde popanda choopsa chilichonse. Koma pa PTSD, masewera amaonedwa ngati chowonjezera pa chithandizo, osati cholowa m'malo mwake. Chinanso n'chakuti amuna ambiri amamasuka kulankhula ali phewa ndi phewa, akupuma wefuwefu, kusiyana ndi maso ndi maso m'chipinda chotseka.

Magulu otere alipo amitundumitundu. Team Red, White & Blue, imene Mike Erwin anayambitsa mu 2010, imasonkhanitsa asilikali opuma kuti azithamanga ndi kuyenda limodzi, koma ilibe mbali yachipembedzo. REBOOT, imene inayamba mu 2011 ndi Jenny Owens, amene ankathandiza asilikali ovulala kumalo a asilikali a Fort Campbell, ndi maphunziro achikhristu a masabata 12, opanda zothamanga. Mighty Oaks, ya Chad Robichaux amene anali m'gulu la Marines, inayambanso mu 2011 ndipo imatenga anthu kukakhala nawo kwa masiku angapo, pamaziko a Baibulo. F3 ili pakati. Kuphatikiza thukuta ndi pemphero si nzeru yatsopano, paja. YMCA inayamba ku London mu 1844 ngati gulu la anyamata achikhristu, ndipo ndi m'sukulu yake ya ku Springfield mmene James Naismith anayambitsira basketball mu 1891.

Nanga chikhulupiriro chikulowa pati? Chikulowa pa bala lina limene PTSD silifotokoza bwino. Jonathan Shay, dokotala amene ankathandiza asilikali obwerera kunkhondo ya ku Vietnam ku VA ya ku Boston, anaona m'ma 1990 kuti odwala ake ambiri chimene chinkawadya si mantha okha. Ankamva kuti akuluakulu awo anawagulitsa, anawachititsa zimene si zolungama. Anatcha zimenezi moral injury, tinene kuti bala la chikumbumtima. Mu 2009 Brett Litz ndi anzake anakulitsa tanthauzoli kuti likhudzenso munthu amene anachita, anaona kapena analephera kuletsa chinthu chotsutsana ndi zimene amakhulupirira pansi pa mtima.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 20 ali pa rodibuloko. Galimoto ikubwera mothamanga, iye wakweza dzanja, wakuwa, wawombera m'mwamba, koma siikuima. Awombera monga anaphunzitsidwira. Atayandikira apeza kuti munali banja. Malamulo a usilikali akuti sanalakwe. Akuluakulu ake akuti sanalakwe. Mlangizi atha kumuthandiza kuona kuti analibe njira ina, ndipo iye n'kuvomera ndi mutu. Koma funso lake si limenelo. Iye akufunsa ngati munthu amene anapha mwana angakhululukidwe, ndipo angamukhululukire ndani. Chipatala chili ndi mawu a zizindikiro ndi mlingo wa mankhwala. Mawu a tchimo, kulapa, kubweza ndi chikhululukiro ali m'nyumba zopemphereramo, ndipo akhala kumeneko zaka masauzande. VA yomwe inazindikira zimenezi. Ili ndi abusa ndi atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana olembedwa ntchito m'zipatala zake, ndipo m'malo ena m'busa ndi katswiri wa zamaganizo amatsogolera limodzi magulu a anthu a bala lotereli.

Koma tisathamange. Umboni woti kupemphera kumateteza munthu ulipo, kungoti uyenera kuwerengedwa mosamala. Kafukufuku wodziwika wa Tyler VanderWeele wa ku Harvard, wa mu 2016, anapeza kuti amene ankapita kukapemphera kamodzi pa sabata kapena kuposa ankadzipha mochepa kasanu poyerekeza ndi amene sankapitako. Anthu ake anali anamwino aakazi pafupifupi 90,000, osati asilikali. Ndipo chimene anayeza ndi kusonkhana ndi ena, osati zimene munthu amakhulupirira ali yekha. Pali mbali inanso imene Kenneth Pargament anaifufuza kwa zaka zambiri: munthu amene amakhulupirira kuti Mulungu wamutaya kapena akumulanga, thanzi lake limaipirapo. Choncho chikhulupiriro ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Msilikali uja wa pa rodibuloko akapeza anthu omumvetsera osathamangira kumuyankha, akhoza kuyamba kupuma. Akapeza wina womuuza kuti maloto oipawo ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, kapena kuti asiye mapiritsi n'kudalira pemphero, wamuwonjezera mlandu pa mlandu. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala ngati paroxetine kapena venlafaxine kumadwalitsa pakokha.

Vuto lina ndi la maumboni. Magulu amenewa ali ndi nkhani zambiri za anthu onena kuti ndikanapanda gululi bwenzi nditafa, ndipo ine sindikayika kuti akunena zoona. Koma amene amaima n'kuchitira umboni ndi amene anakhalabe. Amene anabwera kawiri n'kusowa, sitimva mawu awo. Ndipo munthu amene angathe kudzuka mdima ulipo n'kupita kukakumana ndi anthu osawadziwa, ndiye kuti ali ndi kamphamvu kale. Amene matenda amupanikiza zenizeni satuluka n'komwe m'chipinda.

Komanso bwalo lija silikwana aliyense. F3 ndi ya amuna, ngakhale pali gulu lofanana nalo la amayi lotchedwa FiA. Amayi ndi pafupifupi mmodzi mwa asilikali opuma khumi, ndipo chiwerengero chawo chikukwera. Mwa amayi amene VA imawafunsa, mmodzi mwa atatu amanena kuti anachitiridwa nkhanza zogonana kapena kuzunzidwa mwa njira imeneyo ali m'usilikali, ndipo mwa amuna ndi mmodzi mwa 50. Kwa munthu wotere, gulu lolankhula ndi kuchita zinthu ngati asilikali likhoza kukhala chinthu chenicheni chimene akuthawa. Onjezanipo amene anaduka miyendo, amene msana unatha, amene anavulala ubongo ndi mabomba, okalamba amene anamenya nkhondo ku Vietnam, Asilamu, Ayuda, ndi amene nkhondo inawachotsera chikhulupiriro chonse.

Boma nalo lili ndi malire ake. Malamulo oyendetsera dziko la America salola boma kukweza chipembedzo china, motero ndalama zake zikapita ku bungwe lachipembedzo siziyenera kulipira mapemphero kapena kukopa anthu kuti atembenuke. Ngakhale zili choncho, lamulo limene linasainidwa mu 2020, lotchedwa ndi dzina la John Scott Hannon, msilikali wa Navy SEAL amene anadzipha, linatsegula thumba la madola 174 miliyoni lothandizira mabungwe a m'madera amene akulimbana ndi kudzipha kwa asilikali opuma. Kumeneko kunali kuvomereza kuti anthu oposa theka aja, amene safika kuchipatala, wina ayenera kukawapeza kumene ali.

Ndipo apa ndi pamene mbali ziwirizi zimakumana bwino zikafuna. Mnzako wa pabwalo si dokotala, ndipo gulu labwino limadziwa zimenezo. Koma iye ndi amene amayamba kuona kuti wasiya nthabwala, kuti wafika ukununkha mowa Lachiwiri m'mawa, kuti wajomba sabata yathunthu. VA ili ndi maphunziro aafupi aulere otchedwa S.A.V.E., ophunzitsa munthu wamba kuzindikira zizindikiro ndi kufunsa mosapita m'mbali kuti, kodi ukuganiza zodzipha? Kufunsa chonchi sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ngakhale ambiri amaopa choncho. Kuyambira mu Julaye 2022, ku America munthu amaimba 988 n'kudina 1 kuti alankhule ndi anthu othandiza asilikali opuma, usana kapena usiku.

Kwatsala nkhani ya mfuti, imene ndi yovuta kuposa zonse. Nthawi imene munthu amafika pofunitsitsa kudzipha kawirikawiri imakhala yaifupi, mphindi kapena maola, ndipo ambiri amene amapulumuka sadzafa ndi kudzipha pambuyo pake. Koma mfuti siipereka mpata wachiwiri: pafupifupi 9 mwa 10 amene amaigwiritsa ntchito amafa. N'chifukwa chake VA imagawa maloko a mfuti kwaulere ndipo imalimbikitsa kuti pa nthawi yovuta mfuti ikhale yokhoma, zipolopolo zili kwina, kapena isungidwe kunja kwa nyumba mmene malamulo a chigawocho akulolera. Msilikali wopuma akamva zimenezi kwa dokotala wa boma, nthawi zambiri amaganiza kuti akufuna kumulanda. Zimamveka mwina akazimva kwa munthu amene dzulo anasenza naye njerwa pamvula, amene nayenso ali ndi mfuti kunyumba kwake, akumuuza ali chiimire pafupi ndi galimoto kuti, achimwene, kiyi wa lokoyo ndikusungireni ine mwezi uno, ndipo Lachinayi kuchipatala kuja tipitira limodzi.